Chikwama cha kanivasi chopirira kutentha kwa kuchigwa

Mphunzitsi wina wa pulayimale kufupi ndi Bangula wandifunsa motere: "Pa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri ndagula zikwama zitatu. Choyamba chinasupuka ngati njoka yofundula, chachiwiri chinafa zipi, chachitatu chinaduka lamba ndili pa kabaza. Tsiku lililonse ndimanyamula buku lokonzera phunziro, makope a ana oti ndikachonge kunyumba, foni, botolo la madzi ndi chitenje. Anzanga akuti ndigule cha kanivasi chokoleka paphewa. Chabwino ndingachidziwe bwanji?"

Aphunzitsi, anzanuwo akuuzani zoona, koma akuuzani theka. Ine ndakalambira pa makina osokera, pakhonde la sitolo ku Nchalo, ndipo ntchito yanga yambiri masiku ano ndi kukonza zikwama zomwe anthu anagula kwina. Pa zonse zomwe zimafika m'manja mwanga, n'zochepa kwambiri zomwe nsalu yake yeniyeniyo yatha. Chikwama chimafera polumikiza lamba, pa zipi, kapena pa zokongoletsa zomwe anamatapo kuti chikope maso pamsika. Zanu zitatu zija zafa imfa zitatu zomwezi. Ndiye mukapita kukagula chachinayi, maso anu ayambire pamalo atatu amenewa, kukongola kubwere pambuyo.

Tiyambe ndi chija chinasupuka. Chimene ogulitsa amachitchula kuti chikopa pa zikwama zotsika mtengo si chikopa ayi. Ndi nsalu wamba yomwe pamwamba pake anayalapo pulasitiki yopyapyala yotchedwa polyurethane. Pulasitiki imeneyi imadana ndi kutentha kophatikizana ndi chinyontho. Ikakumana nazo imayamba kunyata, kenako imachita ming'alu, mapeto ake n'kumanyotsoka timapepala tomamatira pa zovala. Munthu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu akhoza kukhala nacho nthawi ndithu. Kuno kwathu, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo chikwama chimagona pa nthiti zotuluka thukuta tsiku lonse, sichiona mvula ziwiri. Ndipo chikasupuka palibe telala angachitsitsimutse. Ndikunena izi chifukwa zikwama zambiri za kanivasi zimabwera ndi tizidutswa ta chikopa chabodzachi m'makona, m'mphepete ndi polumikiza lamba. M'makona chikhoza kungonyansa. Koma chikakhala kuti ndicho chagwira mphete ya lamba, chisiyeni pomwepo ngakhale nsalu yake ikhale yabwino chotani.

Tsono kanivasi weniweni ndi uti? Ndi nsalu yokhuthala yolukidwa mophweka, ulusi wina pamwamba wina pansi, ngati mkeka, koma mothithikana kwambiri. Kale kwambiri ku Ulaya ankailuka ndi luzi la chamba, ndipo dzina loti canvas linachokera ku liwu lachilatini la chomera chimenecho. Ankapangira matanga a zombo ndi matenti. Masiku ano wambiri ndi wa thonje. Nthawi zina ndikamasoka ndimaganiza kuti nsalu iyi ndi mbale wathu, chifukwa chigwa chino ndi kwawo kwa thonje. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuluka nsalu zawo zolimba za machila. Lero timalima thonje lomwelo ku Ngabu ndi madera ozungulira, n'kupita kunja, n'kutibwerera lili chikwama cha m'belo. Zimandipweteka mtima, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pamsika, gwirani nsaluyo ndi zala ziwiri n'kuifinya. Kanivasi wabwino amakana pang'ono, ndipo chikwama chopanda kanthu mukachiimika sichigweratu ngati mpango. Kenako chitseguleni, muike pakamwa pa chikwamacho kumaso kwanu n'kuyang'ana kudzuwa. Mukaona kuwala kukudutsa ngati pa sefa ya ufa, ulusi wake ndi wotalikirana, ndipo ngodya za mabuku anu zidzaboola pansi pake msanga. Zikwama zina zatsopano zimalembedwa kulemera kwa nsalu, monga 8 oz, 12 oz kapena 16 oz. Nambala ikamakwera nsalu imakhuthala. Ya 8 oz imalemera magalamu pafupifupi 270 pa sikweya mita, ndipo ndi ija ya tizikwama topatsidwa ku misonkhano, tabwino kunyamulira tomato basi. Ya 12 oz ndi magalamu pafupifupi 400, ndipo pa katundu wanu ndiyo ndingasankhe. Ya 16 oz ndi yolimba zedi koma chikwama chimalemera chisanalowe kanthu, ndipo ndi dzuwa la ku Bangula phewa lanu lidzadandaula.

Pali nsalu ina ya poliyesita yomwe amailuka mofanana ndi kanivasi, mkati mwake n'kumatamo pulasitiki. Yang'anani kuseri kwa nsaluyo: ikakhala yonyezimira kapena yoterera ngati lona wa pa lole, ndi imeneyo. Siilowa madzi ikadali yatsopano, n'zoona, koma pulasitiki ya mkatiyo imamatuka ndi kutentha ndipo mumapeza zinyenyeswa zake m'makope a ana. Ngati wogulitsa ndi womasuka, sololani kaulusi kamodzi ka m'mphepete mwa msoko wamkati n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita amasungunuka n'kupanga kamkanda kolimba kakuda.

Lamba ndiye nkhani yaikulu, ndipo apa ndikhalitsapo. Kulemera konse kwa chikwama kumathera pa malo awiri aang'ono kumene lamba wakumana ndi thupi la chikwama. Mukakhala pa kabaza mumsewu wa mabampu, malo awiriwa amakokedwa modzidzimutsa kambirimbiri pa ulendo umodzi. Opanga zikwama zotchipa amangolowetsa nsonga ya lamba mumsoko wa m'mbali, sentimita imodzi kapena ziwiri, n'kudutsapo mzere umodzi wa ulusi. Ndi chimene chinakuchitikirani. Chomwe mukufuna ndi lamba yemwe watsika m'mbali mwa chikwama masentimita osachepera 5, wosokedwa mozungulira ngati bokosi, ndipo mkati mwa bokosilo muli mizere iwiri yopingasana ngati X. Chabwino koposa ndi chija lamba wake amatsika mbali imodzi, kudutsa pansi, n'kukwera mbali inayo osadukiza. Choterocho katundu amakhala pa lamba ngati mwana pa mbereko, nsalu imangophimba. N'zosowa, koma mukachipeza musachite kunenerera kwambiri.

Musachite manyazi kuyesa. Ponderani chikwama pansi ndi dzanja limodzi, linalo mukoke lamba mwamphamvu. Muziyang'ana ulusi polumikizapo. Mukaona tikutseguka timabowo kapena mukamva kulira kwa ulusi, bwezani. Wogulitsa akakwiya, katundu wakeyo akumudziwa.

Zitsulo za pa lamba nazo zili ndi zawo. Tingowe tija tozungulira tomwe timalola kuchotsa lamba timaoneka tapamwamba, koma tambiri amatiumba ndi chitsulo chosalimba cha zinc chomwe sichipindika, chimangothyoka tsiku limodzi popanda chenjezo. Ine ndimakonda lamba wosokedwa pa mphete yamakona anayi yowotcherera, kapena wosokedwa pa nsalu penipeni popanda chitsulo. Yang'anani mpheteyo ngati ili ndi mpata pomwe nsonga zake zakumana, chifukwa yopanda kuwotcherera imakanuka pang'onopang'ono mpaka lamba kupulumuka. Thukuta lili ndi mchere, ndipo chitsulo wamba chopakidwa utoto wagolide chimachita dzimbiri n'kudetsa nsalu ndi bulauzi yomwe. Mkuwa weniweni suchita dzimbiri lofiiralo. Mukakhala ndi kamaginito ka mu sipika yakale ya wailesi, tengani: kakamamatira, ndi chitsulo chopakidwa, mkuwa sukoka maginito. Zinc nayonso sikoka, ndiye kandani kuseri ndi kiyi. Mkuwa umakhala wachikasu mpaka mkati, zinc imaonetsa kutuwa.

M'lifupi mwa lamba musatsike masentimita 4, ndipo 5 ndi abwinonso. Lamba woonda ngati chala amadula phewa, makamaka mukavala nsalu yopyapyala monga timavalira kuno. Wa thonje amagwira paphewa ndipo amamwa thukuta n'kuchapika. Wa nayiloni ndi wolimba kwambiri koma amaterereka, ndipo m'mphepete mwake mukakhala mokhakhala amadya bulauzi pachifuwa. Akhalenso wotheka kufupikitsa. Pa kabaza kolekani chikwama modutsa pachifuwa, muchifupikitse, n'kuchikhazika pamiyendo. Ndinaonapo mayi wina atabwera ndi chikwama chophwanyika komanso bondo lotupa chifukwa lamba wautali analowa m'masipoko a njinga. Kafupikitsidwe komweko kamathandiza mukakwera ku Limbe, m'chipiringu cha pa depoti, kumene chikwama chiyenera kukhala kutsogolo, pansi pa chigongono.

Zipi imaphedwa ndi fumbi. M'chilimwe mukangosiya tala wa M1 n'kulowa njira za kumidzi, fumbi limalowa paliponse, ndipo likakhala m'mano a zipi limapala kamutu kokokera kaja ngati tupa mpaka kamakanuka. Mukaona zipi ikutseguka kumbuyo pamene mukuitseka, nthawi zambiri mano ali bwino, kamutu ndiko katha. Kafinyeni pang'ono ndi pulayala, kapena telala akusinthireni kamutu kokha. Anthu ambiri amataya chikwama chonse pa vuto la ndalama yochepa ngati limeneli. Pogula, tembenuzani kamutuko muone nambala kuseri kwake. Nambalayo imasonyeza kukula kwa mano m'mamilimita zipi ikatsekedwa. Ya 3 ndi ya siketi, siyenera kukhala pakamwa pa chikwama. Ya 5 ndi poyambira, ya 8 ndiyo yabwino. Mukaona palembedwa YKK, dzina la kampani ya ku Japan yomwe yakhala ikupanga mazipi kuyambira 1934, ndi chizindikiro chabwino, makamaka pa chikwama cha kaunjika. Pa zatsopano zotchipa dzinali amaliberanso, ndiye khulupirirani dzanja lanu: kokani kasanu uku ndi uku, iyende mosakodola, ndipo kumapeto kwake kukhale kosokedwa mobwereza.

Kwa inu ndingasankhe chikwama chokhala ndi chivindikiro cha nsalu chogwera kutsogolo, zipi ili pansi pake. Chivindikirocho chimatchinga fumbi ndi mvula yoyamba, chimabisa zipi kwa a zala zazitali, ndipo tsiku lomwe zipi idzafe chikwama chimagwirabe ntchito mpaka malipiro atuluke. Chotsekera cha Velcro, chija cha tinsalu tiwiri tomamatirana, chimatola ulusi, udzu ndi thonje mpaka kuleka kugwira. Kabatani ka maginito kamang'amba nsalu ngati kuseri kwake sanaikeko chigamba. Lamba waung'ono wa chomangira ngati wa nsapato ndi wochedwetsa, koma sindinamukonzepo kawirikawiri.

Za kukula, musayerekeze ndi maso. Tengani buku lanu lalikulu lija popita kumsika mukalilowetse. Pepala la A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, ndiye pakamwa pa chikwama pakhale masentimita osachepera 35 kuti faelo ilowe osapinda makona. Pansi pake pakhale potambalala masentimita 10 kapena 12, ndipo pakhale nsalu ziwiri. Choposa apo ayi. Chikwama chachikulu chimaitana katundu, ndipo ichi n'cha phewa limodzi. Tsiku lomwe mwatenga makope a kalasi yonse, ndipo makalasi athu timawadziwa kuchuluka kwake, amangeni m'chitenje muwaike pa kaliyala. Aphunzitsi ambiri omwe amabwera kwa ine ndi lamba woduka amadandaulanso khosi ndi msana, ndipo gwero lake ndi limodzi. Muzisinthanso phewa, lero kumanja mawa kumanzere.

Botolo la madzi likhale ndi thumba lake, makamaka kunja m'mbali. Madzi ozizira amatulutsa thukuta pa botolo ndipo inki ya ana imayenderera. Matumba ambirimbiri alibe phindu. Limodzi la zipi mkati losungira ndalama ndi chitupa, lina la foni, zakwana. Nsalu yamkati ndiyo imayamba kung'ambika pa zikwama zambiri, choncho chopanda nsalu yamkati koma misoko yake yokutidwa bwino ndi kansalu chimaposa chokhala ndi nsalu yamkati yopyapyala ngati ya ambulera.

Mtundu ndi nkhani ya mtima wa munthu, koma dzuwa lathu lili ndi mawu ake. Chakuda chimatentha kwambiri, ndipo foni yokhala m'menemo masana imafooka batire msanga. Mabatire a mafoni sakonda kutentha kopitirira madigiri 35, ife kuno timayamba kale tili pamwamba pa mlingo umenewo. Chakuda ndi chabuluu wakuda zimasulukanso moonekera, mbali yoyang'ana kudzuwa n'kufiirira. Choyera sichitha sabata imodzi chisanade. Khaki, bulauni, chotuwa kapena chobiriwira ngati cha asilikali zimagwirizana ndi fumbi lathu ndipo zimakalamba mwaulemu. Musanalipire, nyowetsani kansalu koyera n'kupukuta mwamphamvu kuseri kwa chikwama ndi pa lamba. Utoto ukatsalira pa kansaluko, udzatsaliranso pa bulauzi yanu yoyera tsiku lotentha.

Pa za mvula ndisakunamizeni. Kanivasi wa thonje akanyowa ulusi wake umafufuma n'kutseka mipata, choncho mvula yowaza imatenga nthawi kuti ilowe. Koma mvula yeniyeni ya Januwale imalowa, ndipo madzi a m'bwato powoloka Shire kupita ku Makhanga amalowanso. Kunja amagulitsa kanivasi wopakidwa phula, ndipo mukawerenga pa intaneti amamutama kwambiri. Ndi wa maiko ozizira. Ndinayesapo ndekha kupaka phula la njuchi pa chikwama changa. Pofika Okutobala chinali chonyata, fumbi lonse la msewu litamamatira, malaya anga ali ndi banga la mafuta m'chiuno, ndipo choterocho sichichapika. Chimene chimagwira ntchito ndi envelopu ya pulasitiki yokhuthala yotsekeka, kapena ziwiri, zokhala m'chikwama nthawi zonse. Imodzi ya makope m'dzinja, ina ya mapepala omwe simungawapeze msanga akatayika. Pambuyo pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, anthu anabwera kwa ine ndi zikwama zodzaza matope. Zikwamazo tinazichapa n'kuzisokanso, zambiri zilipobe. Koma masatifiketi, mabuku a kusikelo a ana ndi makalata a ntchito omwe anali m'menemo anali phala. Kuyambira nthawi imeneyo aliyense wogula chikwama kwa ine ndimamuuza za envelopu, afune asafune.

Kogula kulipo kutatu. Zatsopano za m'masitolo ndi m'mashedi zambiri ndi zija zokongola kunja, ndiye ziyeseni monga ndafotokozera. Kaunjika wa pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula kapena Nsanje boma nthawi zina amatulutsa zikwama zabwino kuposa zatsopano, makamaka mukafika m'mawa belo likungotsegulidwa. Chikwama cha kanivasi chomwe chagwira kale ntchito zaka zingapo kunja n'kufika kuno lamba ali chilumikizire chaonetsa kale mtima wake. Chinunkhizeni mkati. Fungo la chuku ndi timadontho takuda zikusonyeza kuti ulusi wayamba kuola, ndipo sizichoka ndi sopo. Pindani makona a pansi muone ngati apyapyala.

Njira yachitatu ndi kusoketsa, ndipo sindikunena chifukwa choti ndine telala. Mukasoketsa mumasankha nokha kukula, matumba ndi utali wa lamba. Nsalu ikhoza kuchokera ku tenti yakale ya thonje, ovolosi yokhuthala, kapena majinzi awiri a kaunjika. Jinzi si kanivasi, kalukidwe kake n'kopendeka, koma ikaphatikizidwa pawiri imapirira. Malona apulasitiki aja amagawidwa nthawi ya kusefukira kwa madzi musawasoketse, amang'ambika motsatira mabowo a singano ndipo dzuwa limawafumbutsa. Nsalu iliyonse yomwe inaphimbapo mankhwala opopera thonje isayandikire thupi lanu kapena chakudya. Nsalu ya thonje muichape kaye isanadulidwe, chifukwa imafupika ikachapidwa koyamba ndipo zipi imakwinyika. Mufunseni telalayo singano yomwe agwiritse ntchito. Akanena nambala 16 kapena 18 ndi ulusi wokhuthala wa poliyesita, akuidziwa ntchito. Ngati makina ake ndi aang'ono a madiresi, asoke thupi lokha, lamba mukapatse wosoka nsapato amumange ndi chisongole ndi ulusi wake uja wa phula. Msoko wa wosoka nsapato pa lamba sindinauonepo utamasuka.

Kusamala kwake n'kosavuta. Loweruka lililonse chikhuthuleni, muchikung'unthe, mupukute zipi ndi mswachi wakale n'kupakapo kandulo pang'ono. Mafuta ophikira kapena a makina ayi, amaitana fumbi. Pochapa, madzi ozizira, sopo wamtanda ndi burashi yofewa, popanda bulichi chifukwa amadya thonje. Chiyanikeni pamthunzi chotembenuza, ndipo chiume mpaka m'makona musanaikemo kanthu. Usiku chikolekeni pa msomali. Chiswe chimadya thonje monga chimadyera pepala, ndipo khoswe akamva fungo la chitumbuwa chomwe munaiwalamo amaboola pansi usiku umodzi.

Chachitatu chija chinaduka lamba, ngati simunachitaye, chitulutseni muchione bwino musanapite kumsika. Nsalu yake ikakhala ya thonje ndipo zipi ikuyenda, gulani lamba wa masentimita 4 m'lifupi, wotalika mamita awiri ndi theka, wosoka nsapato amudutsitse pansi pa chikwamacho n'kumukweza mbali zonse ziwiri, asoke bokosi ndi X m'mbali iliyonse pafupi ndi pakamwa. Ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo mukhoza kupita nacho kusukulu Lolemba.